Wolakwa Ndani, Munthu Kapena Makina?

M'chaka cha 1943, Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ili mkati, akuluakulu a asilikali a mumlengalenga ku America adali ndi vuto limene lidawasowetsa tulo. Ndege zao zikuluzikulu zoponya mabomba, zotchedwa B-17, zinkaonongeka pa mabwalo a kwao komwe, popanda mdani wozithira mpholopolo. Woyendetsa ankatha kuuluka ulendo wonse mwaluso, nkutera bwino lomwe. Koma ndegeyo ili kuthamanga pansi, mwadzidzidzi magudumu ankapindika kubwerera m'mimba mwake, iyo nkuyamba kukhwekhwereza mimba m'dothi. Malipoti ankatha ndi mau amodzimodzi, akuti woyendetsa ndiye adalakwa.

Mnyamata wina wophunzira za maganizo a anthu, Alphonse Chapanis, amene ankagwira ntchito pa bwalo la ndege la Wright Field m'chigawo cha Ohio, sadakhutire ndi mau amenewa. Adakwera m'ndegemo nakhala pa mpando wa woyendetsa. Zimene adaona zidali zapafupi kotero kuti mwana akadatha kuziona. Kachitsulo kopindira magudumu ndi kachitsulo koyendetsera timapiko tochepetsa liwiro tidali tofanana ngati mapasa, ndiponso tidaikidwa moyandikana. Munthu wotopa, amene wachezera usiku m'mlengalenga ndipo maso ake ali pa bwalo, ankangotambasula dzanja nkugwira kalikonse. Mankhwala ake adali otsika mtengo: pa kachitsulo ka magudumu adamatapo kagudumu kakang'ono ka mphira, ndipo pa kenako adamatapo kanthu kooneka ngati phiko. Dzanja lokha lidayamba kuzindikira chimene lagwira, ndipo ngozi za mtundu umenewu zidazilala.

M'chaka cha 1947 Paul Fitts ndi mnzake Richard Jones adasanthula nkhani 460 za zolakwa za oyendetsa ndege, napeza kuti zambiri zidachokera m'kapangidwe ka zogwirira ndi kaikidwe kake. Mmisiri wosema mipini sangadabwe nazo zimenezi. Iye amadziwa kuti mpini wa khasu la mwana sufanana ndi wa bambo wake, ndipo kuti mlimi akatuluka matuza tsiku loyamba, pofunika kuyang'ana ndi pa mpinipo. Koma m'nyumba za mainjiniya ganizoli lidali lachilendo. Fitts yemweyo, mu 1954, adapeza lamulo limene lidatenga dzina lake: nthawi imene dzanja limatenga kuti lifike pa chinthu imadalira kutalika kwa mtunda ndi kukula kwa chinthucho. Chachikulu ndi chapafupi chimagwidwa msanga. Chaching'ono ndi chapatali chimachedwetsa ndi kuphonyetsa. Sadali kuganiza za kompyuta, komatu mpaka lero lamulolo ndilo limauza amisiri kukula koyenera kwa batani la pa foni.

Makompyuta a nthawi imeneyo sadali ndi nkhope yoti munthu nkulankhula nayo. ENIAC, imene idaonetsedwa kwa anthu mu 1946 ku Philadelphia, idadzaza chipinda chathunthu, idali yolemera matani pafupifupi 30, ndipo idali ndi mavalavu pafupifupi 18,000, onga aja ankayaka m'kati mwa mawailesi akale. Kuiuza chochita kudali kulumikiza mawaya ndi kutembenuza masiwichi, ntchito imene poyamba idagwiridwa ndi amai asanu ndi mmodzi odziwa masamu. Pambuyo pake kudafala makadi obooledwa, nzeru imene Herman Hollerith adaigwiritsa ntchito pa kalembera wa anthu a ku America mu 1890. Munthu ankaboola malangizo ake pa makadi, mzere umodzi khadi limodzi, nkukapereka mtolo wonse pa zenera kwa woyang'anira makina, nkupita kwao. Yankho linkabwera patapita maola, mwina m'mawa mwake. Akaphonya kachizindikiro kamodzi kokha, pepala linkangonena kuti pali cholakwa, iye nkuyambanso. Kudali ngati kukambirana za malowolo kudzera m'makalata a pa positi.

Mmodzi mwa amene adayamba kudandaula poyera adali J. C. R. Licklider, nayenso wophunzira za maganizo, osati injiniya. Mu 1960 adalemba kuti munthu ndi kompyuta ayenera kuganizira limodzi, wina akafunsa wina ayankhe pomwepo. Chaka chotsatira, pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, gulu la Fernando Corbató lidaonetsa njira yoti anthu angapo agwiritse ntchito kompyuta imodzi nthawi imodzi, aliyense pa makina ake otaipira, nkumalandira yankho m'kanthawi kochepa. Ndipo mu 1963, pa sukulu yomweyo, Ivan Sutherland adaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, imene munthu ankajambula nayo mizere pa galasi la kompyuta ndi cholembera chapadera, nkumaikoka, kuikuza kapena kuichepetsa akuiona ndi maso. Apa mpamene padabadwira mfundo yoyamba ya luso lonseli, yakuti chilichonse chimene munthu wachita, makina ayenera kusonyeza msanga kuti amva ndiponso kuti chachitika nchiani.

Munthu wofunika kukhalitsa naye m'mbiri imeneyi ndi Douglas Engelbart. Mu 1945, ali msilikali wa pamadzi woyang'anira makina a radar ku Philippines, adapeza magazini m'kanyumba kowerengeramo mabuku ka bungwe la Red Cross. M'menemo mudali nkhani ya Vannevar Bush yolosera za desiki la mtsogolo, losunga mabuku ndi makalata a munthu ndi kuwalumikiza monga momwe maganizo amalumphira kuchoka pa chinthu china kunka pa china. Ganizolo lidamkhala mumtima zaka zambiri. Atakhazikitsa gulu lake pa Stanford Research Institute ku California, adafuna chipangizo choti munthu azilozera nacho mau pa galasi. Mu 1964 mnzake Bill English adamsemera kabokosi kathabwa kokhala ndi timagudumu tiwiri pansi pake ndi batani limodzi pamwamba. Popeza waya wake unkatuluka ngati mchira, adakatcha mbewa. Omvera a kumidzi, amene mbewa amaidziwa ngati ndiwo ya m'chilimwe, akhululuke; dzinalo lidakanirira ndipo palibe adalisinthanso.

Chofunika kuposa dzinalo ndi momwe mbewayo idasankhidwira. Engelbart ndi English sadaikonde chifukwa choti idali yao ayi. Adasonkhanitsa zipangizo zosiyanasiyana, cholembera chija cha pa galasi, kandodo kopendeketsa ndi dzanja, ngakhale china choyendetsa ndi bondo, naitana anthu kuti ayese chilichonse. Ankawerenga nthawi imene munthu watenga ndi kangati waphonya. Mbewa idapambana pa liwiro ndi pa kusaphonya komwe. Cholembera chidali ndi vuto loti mkono umatopa ukakhala m'mwamba nthawi yaitali, chinthu chimene palibe akadachidziwa atangokhala pa desiki nkumaganiza.

Pa 9 Disembala 1968, mu mzinda wa San Francisco, Engelbart adakhala pamaso pa anthu pafupifupi 1,000 kwa mphindi 90. Kompyuta yake idali ku Menlo Park, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, yolumikizidwa ndi mafunde a wailesi ndi mawaya a telefoni. Anthu adamuona pa chinsalu chachikulu akulemba mau, kuwafafaniza, kuwasuntha, kulumpha kuchoka pa chikalata china kunka pa china, ndiponso kulankhula ndi mnzake wa kutali akuonana nkhope, onse awiri akukonza chikalata chimodzi. Atamaliza, anthu adaimirira nkuomba m'manja.

Komabe makina ake sadafale, ndipo chifukwa chake ndicho mkangano umene sudathe mpaka lero. Adali ovuta kuphunzira. Dzanja lamanja linkagwira mbewa, lamanzere linkasindikiza timabatani tisanu mophatikizaphatikiza ngati woimba limba, ndipo malamulo oloweza pamtima adali ambirimbiri. Engelbart sadaone cholakwika pamenepo. Iye ankayerekeza ndi njinga: ya magudumu atatu mwana amakwera tsiku lomwelo, koma safika nayo patali; ya magudumu awiri imagwetsa ndi kusupula maondo, koma woiphunzira amayenda nayo mitunda. Mfundoyo ili ndi nzeru, ndipo amene amataipa usana wonse amaivomereza. Chimene Engelbart sadachiwerengere nchakuti anthu ambiri sadzuka m'mawa ndi cholinga chophunzira makina. Amafuna kulemba kalata yao nkupita kukachita zina.

Ena mwa anyamata ake adasamukira ku malo ofufuzira nzeru amene kampani ya Xerox idatsegula ku Palo Alto mu 1970. Kumeneko, mu 1973, adapanga kompyuta ya munthu mmodzi yotchedwa Alto, yokhala ndi mbewa ndi galasi loimirira ngati pepala la kalata, zilembo zakuda pa malo oyera. Alan Kay ndi Adele Goldberg ankaitana ana a sukulu kuti adzaisewere, poganiza kuti chimene chasokoneza mwana chili ndi chilema chimene wamkulu akungochibisa chifukwa cha manyazi.

Pakati pao padali Larry Tesler, amene adalimbana ndi mdani mmodzi moyo wake wonse. Kuti mdaniyo amveke, omvera aganizire wailesi ya mabandi awiri. Chotembenuza nchimodzi chomwecho, koma siteshoni imene chikupeza imadalira komwe kasiwichi ka bandi kaloza. Woiwala kuyang'ana kasiwichiko amafunafuna pachabe. Mapulogalamu olembera a nthawiyo adali otero. Nthawi zina batani la chilembo linkalemba chilembocho, nthawi zina batani lomwelo linkakhala lamulo, ndipo munthu ankayenera kukumbukira yekha kuti makina ali mbali iti. Nkhani yotchuka ya pulogalamu yotchedwa Bravo imati munthu akataipa liu la Chingerezi lakuti "edit" makina ali mbali ya malamulo, chilembo choyamba chinkasankha chikalata chonse, chachiwiri nkuchifafaniza, chachitatu nkutsegula polemba, chachinai nkulembeka chokhachokha pa pepala loyera. Ntchito ya tsiku lonse inkatha ndi zala zinai. Tesler adadana nazo kotero kuti pa nambala ya galimoto yake adalembetsapo mau okana mchitidwewu.

Njira yake yofufuzira idali yodzichepetsa. Adatenga mlembi wa mu ofesi amene adali asadagwirepo kompyuta, namkhazika pa galasi lopanda kanthu, namfunsa kuti, kukadakhala kuti pali kalata apa, akadachita chiani pofuna kuonjezera liu kapena kuchotsa mzere. Maiyo adayankha kuti akadaloza pamalopo nkuyamba kutaipa. Tesler ndi mnzake Tim Mott adapanga pulogalamu yotchedwa Gypsy motsata mayankho otere, ndiponso motsata akonzi a kampani yosindikiza mabuku a sukulu, amene ankadula ndime ndi sizasi nkuzimata pena ndi guluu. Kudula, kukopera ndi kumata, kumene mlembi aliyense amachita lero pa kompyuta, kudachokera pa matebulo amenewo. Akale adati safunsa adadya phula. Amisiri ambiri a makompyuta adali atadya phula zaka makumi awiri asadaganize zofunsa mlembi.

Ku Palo Alto komweko kudakhwimira ganizo loti galasi la kompyuta lifanane ndi desiki la mu ofesi, pokhala timafanizo ta mapepala ndi mafailo. Chifukwa chake nchozama kuposa kukongoletsa. Munthu amavutika kukumbukira dzina la chinthu, koma akachiona amachizindikira msanga, monga momwe mlendo woiwala dzina la mudzi amazindikirira mtengo wa mlambe wa pa mphambano. Xerox idagulitsa makina otere mu 1981, otchedwa Star, pa mtengo woposa madola 16,000, ndipo ogula adali ochepa. Amene adakolola adali Steve Jobs wa kampani ya Apple, amene adacheza ku malowo mu Disembala 1979. Tesler adamtsatira chaka chotsatira. Apple idatulutsa Lisa mu 1983, nayonso yodula, kenaka Macintosh pa 24 Januwale 1984 pa madola 2,495.

Pokonza Lisa, Tesler ankaitana anthu osadziwa kompyuta kuti ayese, amisiri ali chete kumbuyo. Pa galasi pankatuluka mabatani awiri, lina lolekera, lina lolembedwa mau a Chingerezi akuti "Do It", ndiko kuti chita. Munthu wina ankangosankha lolekera, nkuyamba kukwiya. Atamfunsa, adati sakumvetsa chifukwa chake makinawo akumtcha "Dolt", liu lotanthauza chitsiru. Mpata wa pakati pa mau awiriwo udali wochepa, ndipo chilembo china chinkaoneka ngati chinzake. Adasintha nalembapo "OK". Palibe mmisiri ndi mmodzi yemwe adali ataona vutolo, pakuti onse ankadziwa kale chimene padalembedwa. Sikuti Macintosh idalibe zilema zake: pofuna kutulutsa disiki, munthu ankaikokera pa kafanizo ka bini ya zinyalala, ndipo ambiri ankachita mantha, poganiza kuti akutaya ntchito yao. Adali ndi chifukwa chomveka.

Wina angayese kuti zonsezi ndi nkhani za maofesi a anthu olemera. Zimene zidachitika pa 28 Malichi 1979 zikutsutsa. Pa malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya a Three Mile Island, m'chigawo cha Pennsylvania, valavu ina yotulutsa nthunzi idatseguka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nikana kutsekeka. M'chipinda choyang'anira mudali kanyali ka valavuyo, ndipo kadazima, zimene oyang'anira adaphunzitsidwa kuti zikutanthauza kuti yatsekeka. Koma kanyaliko sikankanena za valavu. Kankangonena kuti lamulo loitseka latumizidwa. Kudali ngati kukhulupirira kuti khola latsekedwa chifukwa choti mwana watumidwa kukatseka. Ma alamu oposa 100 adalira m'mphindi zoyamba, osasiyanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Madzi oziziritsa adatayika kwa maola oposa awiri, oyang'anira adachepetsanso madzi othandiza poganiza kuti adzadza kwambiri, ndipo pafupifupi theka la mtima wa ng'anjoyo lidasungunuka. Mmodzi mwa akatswiri oitanidwa kukaona chipindacho adali Donald Norman. Mu 1988 iyeyu adatulutsa buku lonena za kapangidwe ka zinthu za masiku onse, m'mene adadandaula ngakhale za zitseko zokhala ndi chogwirira chooneka ngati chokoka pamene nzofunika kukankha. Kwa iye, chitseko chofuna chikwangwani cholangiza katsegulidwe ndi chitseko cholephera.

Ku chipatala zidafika poipa koposa. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ochizira khansa ndi cheza otchedwa Therac-25 adaotcha odwala asanu ndi mmodzi ku America ndi ku Canada ndi mphamvu yopyola muyeso kwambiri, ndipo ena adamwalira. Gwero lake lidali zolakwika m'pulogalamu, koma nkhope ya makinawo ndiyo idabisa ngoziyo. Ku Tyler, m'chigawo cha Texas, mu 1986, woyendetsa makina wozolowera ntchito adataipa chilembo cholakwika nachikonza msangamsanga, mofulumira kuposa momwe makinawo akadatsatira. Pa galasi padangotuluka mau akuti "Malfunction 54", amene buku la malangizo silidawamasulire, ndipo manambala ankasonyeza ngati wodwalayo walandira mphamvu yochepa. Popeza mauthenga otere ankatuluka kawirikawiri popanda choopsa, maiyo adasindikiza batani lopitiriza. Wodwalayo adamwalira patapita miyezi isanu. Uthenga wosamveka, wobwera tsiku ndi tsiku, udali utaphunzitsa munthu wosamala kusaulabadira.

Pofika nthawi imeneyi lusoli lidali litakhala phunziro lokhazikika. Mu 1985 John Gould ndi Clayton Lewis a ku IBM adalemba kuti mmisiri ayambe ndi kudziwa anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, ayese pa anthuwo nkulemba zimene zachitikadi, kenaka akonze ndi kuyesanso, kangapo konse. Adadandaula kuti amisiri ambiri ankati mfundozi nzodziwikiratu, koma osazitsata. Ben Shneiderman adalimbikira zoti chochita chilichonse chikhale chotheka kuchibweza, pakuti munthu wodziwa kuti angathe kubwerera sachita mantha kuyesa. Jakob Nielsen adasonyeza kuti ngakhale anthu asanu okha oyesa amavumbula mbali yaikulu ya zilema, kotero kuti kusowa ndalama si chifukwa chokwanira cholekera.

Mu 2007 Apple idatulutsa iPhone, ndipo chala chidalowa m'malo mwa mbewa. Chaka chomwecho ku Kenya kudayamba M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni wamba. Kwa anthu a m'maboma a Malawi, chachiwirichi ndicho chidafika pakhomo, kudzera mu Airtel Money ndi Mpamba wa TNM. Nkhope yake ilibe mafanizo: ndi mndandanda wa manambala, sankha 1, sankha 2, wofanana ndi wa makompyuta a m'ma 1970, ndipo wochedwa kuwerenga amapeza nthawi yamthera, nkuyambanso. Pano cholakwa cha chala chimodzi ndi ndalama za feteleza kapena fizi ya mwana zopita kwa mlendo. Ku Kenya, kampani ya Safaricom idaonjeza mu 2015 njira yotchedwa Hakikisha, yosonyeza dzina la wolandira ndi kupatsa wotumiza kanthawi koti aleke. Ndi kagudumu ka mphira ka Chapanis kaja, katangosintha maonekedwe.

Vuto limene amisiri a ku California sadaliganizire ndi la munthu wosadziwa kuwerenga. Ku Bangalore, m'dziko la India, Indrani Medhi wa ku Microsoft Research adakhala nthawi yaitali m'makomboni a anthu osauka akuyesa mafoni ndi makompyuta opanda malemba. Adapeza kuti zojambula pamanja zosonyeza munthu akuchita kanthu zinkamveka bwino kuposa tizizindikiro ta amisiri, kuti liu lolankhula m'chinenero cha munthuyo linkathandiza kwambiri, ndiponso kuti mindandanda yolowanalowana, wina m'kati mwa unzake, inkasokoneza amene sadapite ku sukulu. Mndandanda wotere ndiwo uli pa foni ya gogo amene amayenda mtunda kukatapa ndalama zimene mwana wake watumiza kuchokera ku Johannesburg. Akafika pa kanyumba ka ejenti amapereka foni, nthawi zina ndi nambala yachinsinsi yomwe, kenaka nkudikira kuti auzidwe kuti zabwera zingati.